Batchala ndi Kiyi wa Amayi

9 Febuluwale

Achimwene,

Moni nonse kunyumbako. Ndikhulupirira kuti Amayi akupezako bwino, ndiponso kuti Alamu ndi ana akudzuka bwino. Popeza munalumbira kuti foni yanga simudzayankhanso chifukwa ndimakudulani mawu, ndagwira cholembera ngati kale. Papepala sindingakuduleni, ndiye nanunso muwerenge mpaka pansi.

Nkhani yake ndi ya Batchala, ndipo musaseke. Ndikunena mtengo waufupi uja wa masamba obaya, umene malemu Bambo anazula kuphiri anthu asanayambe kuphwanyako miyala, n'kudzaubzala pakanjira kopita kubafa. Paja dzinalo munautcha ndinu, mukuti umangodya ndi kumwa pakhomo koma mwana ng'o. Nthawi yomaliza imene tinalankhulana munati mukufuna kuudula. Chonde musaukhudze.

Mukudziwa kuti kuno ndimagwira ntchito m'munda wosungira zomera zimene zatsala pang'ono kutha padziko. Mwezi watha anandisamutsira m'nyumba yagalasi yotentha. Pakona pake pali mtengo umodzi wozingidwa ndi chingwe kuti alendo asauyandikire, ndipo akuluakulu a pano amati mu mtundu wake wonse watsala wokhawo. Ndinawerama kuti ndiuchotse masamba ouma, ndiye unandibaya pamkono. Achimwene, mkonowo unazindikira msanga kuposa mutu wanga. Ndi kabayidwe komwe kaja kamene kankatiliza tikamathamangira kubafa: minga yopindikira m'mbuyo, yolowa mosavuta koma yotuluka ndi khungu. Ndinangokhala pansi pasimenti, anzanga n'kumayesa kuti ndikukomoka ndi kutentha.

Ndikufuna kutsimikiza ndisanatsegule pakamwa pamaso pa abwana, ndingadzachite manyazi. Mundijambulire Batchala yense, kenako thunthu lake, kenako tsamba limodzi pafupi kwambiri, kunsi ndi kumwamba komwe. Mundiuzenso ngati akuphukabe masamba atsopano.

Perekani moni kwa Amayi. Kodi chikuku cha odwala ndinatumiza chija chikuwathandiza?

Ine mlongo wanu,
Mzime

2 Malichi

Mzime,

Tadzuka. Kalata yako ndawerenga mpaka pansi monga unalamulira, adokotala a masamba. Ndinaibwerezanso kufunafuna pamene pali Amayi, ndipo ndawapeza: mzere umodzi pamwamba, mzere umodzi pansi, ngati zigamba. Pakati ponsepo ndi mtengo.

Wafunsa za chikuku. Chili bwino kwambiri, chikuwala ngati tsiku limene chinabwera, chifukwa sichinagwirepo ntchito. Pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda wa aneba pali Batchala wakoyo, ndipo chikuku sichidutsa. Ndinapita nacho kushopu kuti ndichichepetse, ine wowotcherera zitsulo amene ndimapangira anthu mageti a mtundu uliwonse, koma ndinapeza kuti ndikachichepetsa Amayi sakwanamo. Pano ana amaikapo zikwama za kusukulu.

Ndiye tamva mmene mayi ako amapitira kubafa chiwagwirireni sitiroko. Mlamu wako amawabereka. Amagwada pafupi ndi bedi, ine ndimawakweza kumsana kwake, mkono wakufa uja ukulendewera, ndiye amayenda cham'mbali pakanjira paja kuti minga isawagwire. Ine ndikakhala kuntchito amachita yekha zonsezo, kaya kuli mvula kaya dzuwa. Amayi amakana kuti ndiwasambitse ineyo, ndipo sindiwaimba mlandu. Miyendo ya mlamu wako ndi zipsera zokhazokha.

Ndinaitana mmisiri. Iye akuti njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi kudula mtengo, kuzula chitsa, n'kuthira simenti yosalala mpaka kubafa. Yachiwiri ndi kumanga bafa ndi chimbudzi m'nyumba momwemu, ndipo chipinda chokhacho chimene mapaipi angafikeko ndi chako. Chipinda chako chija, Mzime, chimene chimakhala chokhoma chichokereni iwe, bedi loyala, mabuku ako a kusekondale ali pashelefu, ana anga akugona mopanikizana kwinaku. Kiyi ali pachingwe m'khosi mwa Amayi. Nditangotchula za bafa anamufumbata ndi dzanja lamoyolo, n'kunena mawu okhawo amene amatuluka bwino pakamwa pawo masiku ano: "Akubwera."

Ukubweradi? Zaka zonsezi umangoti chaka chamawa, ndipo iwo amakukhulupirira kuposa mmene amakhulupirira dokotala. Ine sindingalande mayi wodwala kiyi m'khosi, choncho chatsala ndi kudula mtengo. Iwe wabayidwa kamodzi pamkono wakhala pansi n'kulemba kalata. Kuno anthu akubayidwa tsiku ndi tsiku ndipo palibe wawalembera.

Zithunzi ndijambula ndikapeza mpata, osati chifukwa cha iwe, koma chifukwa anaubzala ndi Bambo. Ukaziona utsanzikane naye Batchala wakoyo. Mmisiri ayamba mvula ikatha.

Mchimwene wako

20 Malichi

Achimwene,

Moni. Za Alamu zandipweteka, ndipo sindinkadziwa kuti zafika pamenepo, chifukwa ndikafunsa mumangoti tili bwino, tili bwino, kenako mudzandiphulikira tsiku limodzi ngati ndimadziwa. Musandinene ngati munthu wotaya mayi ake. Mwawerenga mizere yanga, tsono werenganinso iyi.

Inu mukuti ndi mtengo chabe. Zomera nazo zili ndi mafuko, Achimwene. Udzu uli ndi abale osawerengeka. Mtundu umodzi wa udzu ukatha n'zachisoni ndithu, koma asuweni ake atsala, ndipo zambiri zimene unali nazo iwonso ali nazo. Batchala alibe msuweni. Fuko lake linalipo maluwa asanayambe kuoneka padziko, abale ake apafupi anatha kalekale, ndipo zonse zimene fukolo linaphunzira, kupirira moto, chilala, nthaka yamiyala, zatsala m'matupi awiri basi: wa kunowu ndi wa pakanjira panuwo. Phiri lija pano ndi dzenje. Anthu a kuno anapitako kukafufuza, anakapeza magalimoto a miyala okhaokha. Mukadula Batchala simudula mtengo umodzi ayi, mutseka khomo la fuko lonse, ndipo palibe amene adzalitsegulenso.

Mitengo imeneyi ilipo yaimuna ndi yaikazi. Wa kuno ndi waukazi. Pakapita zaka umatulutsa chinthu chonga chinanazi pakati pa masamba, chimadikira mungu, kenako chimafota chifukwa mwamuna palibe. Chaka chino watulutsanso, ndipo chinanazicho chikukula. Ngati Batchala ali wamwamuna, ndiye kuti kusabala kwake kwamveka, tinkamuseka pachabe. Ine sindikumbuka kuti ndinamuonapo atatulutsa kanthu, koma mitengo imeneyi siifulumira.

Tsono apa mverani bwino. Mukadzaona chinthu chachitali, cha mamba, chikutuluka pamutu pake, musachikhudze. Chidzatalika, chidzayamba kununkha, chizidzafunda ngati munthu wa malungo, ndipo tizilombo tidzabwera. Musapopere mankhwala. Chikayamba kuthothola fumbi lachikasu, umenewo ndiye mungu. Muyale pepala loyera pansi pake, muukulunge, muusunge pouma ndi pozizira. Abwana adzatumiza munthu wa chilolezo kudzautenga, ine n'kudzaupaka kuno ndi kaburashi. Tikatero tidzapeza mbewu, zoyamba zimene munthu aliyense wamoyo adzazione.

Mudzati timusamutse. Sizingatheke. Mizu yake inalowa pansi pa maziko a nyumba, ndipo wamkulu choncho ukamuzula amafa pang'onopang'ono uku ukumuona. Ndalembera a zankhalango kwanuko kuti athandize, koma ali zii. Za chipinda, tiyeni tisawasokoneze Amayi panopa. Mmisiri ayambe wadikira, ine ndiganizire njira ina.

Ndikudikira zithunzi.

Mzime

11 Epulo

Mzime,

Moni. Kalata yanga ija sunayankhe mpaka lero, kaya wakwiya kaya positi yadya, ine sindikudziwa. Amayi amandiyang'ana m'manja tsiku lililonse ndikamalowa pageti. Ulembeko ngakhale mizere iwiri, paja ndiwe katswiri wa mizere iwiri.

Zithunzi zako ndi izi. Usadzanene kuti mchimwene wako ndi wouma mtima, chifukwa Loweruka ndinatseka shopu tsiku lonse chifukwa cha Batchala. Ndinati ngati akupita kukaonedwa ndi akuluakulu, apite atasamba. Ndinachotsa masamba ouma ndi maukonde a akangaude, ndinasesa pansi, thunthu ndinalitsuka ndi burashi. Manja anga ali ngati ndimalimbana ndi mphaka.

Ndinamupezanso ndi chotupa chake chija. Iwe mwina sukuchidziwa chifukwa unkakhalira kusukulu yogonera, koma pakapita zaka amatuluka chinthu pamutu, chachitali, cha mamba. Chikakula chimanunkha ngati nsapato zonyowa, ndipo chimaitana tizilombo tonga anankafumbwe. Amayi sankachilola. Ankati tizilomboto tilowa m'khitchini, ndiye ankachidula chikadali chaching'ono ndi mpeni wa buledi n'kukachiponya kudzala. Ulendo uno chinakula ndithu, kufika ngati mkono wangawu, poti wodula anagona. Tikuwadutsitsa m'mawa anachiloza, n'kumayendetsa dzanja ngati akucheka. Ndinaseka, Mzime, kuseka kwenikweni kumene ndinakuiwala, chifukwa ndinaona kuti mayi wathu uja akadalimo m'thupi limeneli. Ndinachidula ndi sowo n'kuchitentha pamodzi ndi zinyalala, iwo n'kugwedeza mutu kuti ndagwira ntchito.

Ndiye ukaona bala loyera pamwamba pake pachithunzi chachiwiricho usadabwe. Si matenda, matendawo ndachotsa. Uwauze abwana ako kuti kuno nakonso timadziwa kusamala zinthu.

Mvula yayamba kuchepa. Mmisiri anadutsa dzulo kudzayeza kanjira, ndipo naye Batchala wamupatsa moni wake pantchafu.

Mchimwene wako

29 Epulo

Achimwene,

Moni sindipereka chifukwa ndinganame. Zithunzi zafika. Ndinazitsegulira m'nyumba yagalasi, pafupi ndi mtengo wa kunowu, n'kuika tsamba la pachithunzi pambali pa tsamba lamoyo. Ndi iyeyo, palibenso chokayikitsa, ndipo ndi wamwamuna. Ndadziwa kuti ndi wamwamuna chifukwa mwandifotokozera bwino kwambiri chinthu chimene munatentha.

Mwatentha mungu, Achimwene. Chimene mukuchitcha chotupacho ndicho anthu pano akhala akuchifunafuna kuyambira ine ndisanabadwe. Chinali pakhomo pathu, pakati pa khitchini ndi chimbudzi, ndipo banja lathu lakhala likuchicheka ndi mpeni wa buledi. Mukanadikira pang'ono chabe, chikanathothola fumbi lokwanira. Zonsezi ndinakulemberani mwezi watha. Kalatayo ili kuti? Kapena munaiona n'kuiponya pansi pa zitsulo zanu, poti yachokera kwa dokotala wa masamba? Munakana foni kuti mundilange ine, taonani tsono amene mwamulanga.

Ndinapita nazo zithunzi kwa abwana. Munthu wamkulu anaimirira, anavula magalasi, n'kundigwira dzanja. Kenako anaona bala lija n'kufunsa kuti pachitika chiyani. Mukuti ndikanayankha chiyani? Kuti kwathu timadziwa kusamala zinthu?

Chinanazi cha kuno chatseguka. M'mawa uliwonse chimatulutsa timadontho tomata todikira mungu, ndipo ntchito yanga yasanduka kuima n'kumachiyang'ana mpaka chidzatseke chopanda kanthu. Mtengowu ndi nkhalamba, tsinde lake layamba kuola mbali imodzi, ndipo palibe angalonjeze kuti udzatulutsanso kangati. Tsopano tiyenera kudikira kuti Batchala adzatulutsenso, kaya ndi liti, ndiye kuti ayenera kukhalapo. Poyamba simunkadziwa, lero mukudziwa. Mukamudula musadzanditchenso mlongo wanu, ndipo sindikunena mongopsa mtima chabe.

Mzime

16 Meyi

Alamu,

Landirani moni wa pano, ngakhale inu moni munasiya kupereka. Ndine mkazi wa achimwene anu. Sindinakulemberenipo kalata chikwatiwireni pakhomo pano, ndiye mukhululuke zilembo, dzanja langa ndi lotupa.

Makalata anu awiri anafika tsiku limodzi, ya malangizo ija itadzaza zidindo za mapositi a kumene sitikudziwako n'komwe. Achimwene anu anawerenga ali chiimire, anayamba ndi yokalipa, kenako inayo. Anatuluka n'kupita kudzala kukafukula phulusa ndi manja. Sanapezeko kanthu, tsiku limenelo sanadye, ndipo akuti sadzakulemberaninso. Ndiye ndalemba ine, chifukwa inu awiri mumakangana papepala koma msana ndi wanga.

Lachiwiri lapitali ndinagwa ndi Amayi pakanjira. Ndinali ndekha, pansi panali poterera, ndimati ndizembe tsamba ndiye phazi linapita. Ine ndinafikira dzanja ili, iwo anagwera m'masamba a Batchala wanuyo. Tsaya linang'ambika mpaka kukhutu, kuchipatala achita kusoka. Nthawi yonse imene ndinkawachotsa minga m'tsitsi sanalire. Ankangopapasa m'khosi kuona ngati kiyi alipo.

Zoti mtengowu ulibe msuweni ndamva, ndipo sindikutsutsa. Nanenso chinandigwira chisoni kuti chinthu chingatsale chokha choncho padziko lonse. Koma Alamu, ine ndili ndi mayi anga amene sindinawaone chaka chonse chino chifukwa ndili pansi pa mayi anu. Ndimawakonda Amayi, sanandinyozepo, koma sindiwaberekanso. Ndawauza achimwene anu, ndikukuuzaninso inu. Mmisiri akubwera kumapeto kwa Julayi, ndipo adzagwira chimodzi, nkhwangwa kapena nyundo.

Mukufuna mtengo ukhale? Chabwino, ndiye chipinda chanu chigumulidwe. Koma kiyi sitilanda, ndipo mawu amene angamasule chingwe chija si athu. Amayi akudikira munthu. Wina akagogoda pageti, ngakhale wogulitsa makala, amatembenuza mutu. Loweruka lililonse amanditsegulitsa chipindacho kuti ndikunthe fumbi pabedi la munthu amene ali ndi nyumba yake, ntchito yake ndi moyo wake kutali. Tonse tikudziwa kuti simudzagonaponso, kupatula iwo, chifukwa inu mumawauza kuti chaka chamawa. Mwasungitsa mtengo pakanjira, mwasungitsanso bedi m'nyumba, zonse pamsana panga. Sankhani chimodzi, ndipo mulembere iwowo, osati ife.

Mlamu wanu

1 Juni

Alamu,

Moni, ndipo pepani kwambiri chifukwa cha dzanja lanu ndi tsaya la Amayi. Kalata yanu inandiliza kuntchito pamaso pa anthu. Ndavomera, chipinda chigumulidwe. Koma bwanji muwauze kuti n'zongoyembekezera, kuti ndikadzabwera tidzamanga china chachikulu kutsogolo kwa nyumba? Inu amakumverani. Ndikuopa kuti mawu enawo angawadwalitse kuposa mmene alili, ndipo ine ndili kutali, sindingawagwire dzanja. Mundiuze mmene ayankhire, komanso ngati bala likupola.

Mzime

14 Juni

Alamu,

Tadzuka, bala likupola. Zimene mwanenazo tinawauza kale, mmisiri atangobwera koyamba. Anati ngati ndi choncho tidikire mubwere mudzasankhe nokha malo a chipinda chatsopanocho. Amayi anu anafa mkono, sanafe mutu. Bodza ine sindinyamula, ndanyamula zokwana. Mmisiri wathira kale mchenga pageti, ndipo nkhwangwa yake ndaiona, ndi yonola.

Mlamu wanu

30 Juni

Amayi anga,

Moni, Amayi. Ndine Mzime wanu. Ndikupempha Achimwene kuti akuwerengereni pang'onopang'ono, osadumpha mawu ngakhale amodzi. Kodi tsaya lasiya kuwawa?

Amayi, mupereke kiyi. Chipinda chija chisanduke bafa lanu, muzisamba mutakhala pampando, Alamu apume. Mabuku muwapatse ana, bedi nalonso.

Ine sindidzabweranso kudzakhala. Kudzacheza ndidzabwera, koma ngati mlendo wa chikwama chimodzi, wogona pabalaza. Ntchito yanga ili kuno, moyo wanga uli kuno. Chaka chamawa chimene ndimanena chija kulibe, musachidikirenso.

Mukwiya kuti ndanena zimenezi chifukwa cha mtengo. Kwiyani, mukuyenera kutero. Nanenso ndine wokwiya, moti sindikudziwa kuti ndiyambire pati: ophwanya phiri, a positi, Achimwene, mpeni wanu wa buledi uja, ndi ine ndemwe. Koma Batchala ndi womaliza, Amayi. Bambo anamunyamula paphewa kuchokera kuphiri akuti akukongoletsa pakhomo, osadziwa kuti anyamula fuko lonse. Mkazi wake ali kuno m'manja mwanga, wakalamba, akudwala. Batchala akadzatulutsanso chinthu chija, muchisiye chinunkhe, tizilombo tibwere. Ndikadzaika mbewu yake imodzi yamoyo m'dothi, ndidzati sindinachoke pakhomo panu pachabe.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikudziwa kuti lero mawu amenewa akumveka opepuka.

Mwana wanu,
Mzime

27 Julayi

Mzime,

Tadzuka. Ndinati sindidzakulemberanso, koma andituma ndi Amayi, ndipo iwo sindiwakanira.

Kalata yako ndinawawerengera Lamlungu masana pakhonde, mlamu wako ali pomwepo. Sindinadumphe mawu ngakhale amodzi. Nditamaliza, Amayi maso anali kugeti, mpaka ndinayesa kuti sanamve. Kenako anaweramitsa mutu kuti tiwavule chingwe. Chinakhalitsa moti chasiya mzere woyera m'khosi. Kiyi sanapatse ine, anapatsa mlamu wako.

Mmisiri wayamba. Khoma la kuwindo lagwa, mapaipi alowa pamene panali kumutu kwa bedi lako. Mabuku atenga ana, bedi analimbirana mpaka ndinachita kuweruza. Chikuku ndachipukuta, pakhomo la chipindacho chikudutsa bwinobwino, ndipo ndawotcherera chitsulo chogwirira pakhoma. Batchala ali pomwe anali. Ndamuzinga ndi kampanda kazitsulo ka loko, poti ndinamva kuti mnzake kumeneko amamuzinga, ndipo bala lija lauma. Za phulusa zija usadzandikumbutsenso. Ndimadzikumbutsa ndekha m'mawa uliwonse ndikamasuzumira pamutu pake ngati munthu wodikira nkhuku kuti iikire. Akadzatulutsa, pepala loyera lilipo.

Usaganize kuti nkhani yatha. Ine ndikadali wokwiya. Munthu akagogoda pageti Amayi satembenukanso, ndipo sindikudziwa ngati ndikuthokoze kapena ndikutukwane.

Tsono uthenga wawo ndi uwu. Dzulo anandiuza kuti ndiwakankhe pachikuku mpaka poyambira kanjira. Anamuyang'ana Batchala nthawi yaitali. Kenako anafunsa, mawu akutuluka amodziamodzi, kuti mkazi wake uja kumeneko amamusamala ndani. Ndinati ndiwe. Anafunsa ngati umamuona tsiku lililonse. Ndinati inde, m'mawa uliwonse, umamuchotsa masamba ouma, umamupatsa madzi, ukaona pamene pakuola mtima sukhala m'malo. Anagwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndikulembere ndendende mmene anenere, osachotsa osawonjezera.

"Umuuze asamusiye yekha. Nkhalamba imeneyo ili ndi mwayi, inapeza mwana."

Ndalemba mmene ananenera.

Mchimwene wako